Mpando wa Kutsogolo

Pamene Abwana ankatulukira pamalo oimikapo magalimoto, dzuwa linali litalowa kuseri kwa phiri, ndipo basi inali itapita. Panangotsala madontho a oilo, khoko la nthochi, ndi chitini cha zinyalala chomwe sichinkadziwa n'komwe kuti munthu waima patsogolo pakeyu anakhalapo wachiwiri kwa mkulu wa nthambi yonse asanapume pantchito.

Anayang'ana wotchi. Anayang'ana msewu. Anayang'ananso wotchi ija mwaukali, ngati kuti ndiyo yawathawa.

Ulendowu unali wa akazi awo. Chaka chathunthu ankauimba ngati nyimbo, kuti asanafe akufuna akaone nyanja za pamwamba pa mapiri, zija amati madzi ake ndi obiriwira ngati botolo. Ana atatopa nayo nyimboyo anawagulira matikiti awiri. Abwana anavomera kupita nawo, makamaka pofuna kukaona ngati zinthu zikuyendetsedwa bwino.

M'mawa basi isananyamuke, mayi woonetsa malo anagawa zipewa zofiira, n'kugwira maikolofoni.

"Lamulo langa ndi limodzi basi," anatero. "Aliyense akhale ndi mnzake wa pampando. Tikamanyamuka paliponse ndizifunsa kuti mnzanu alipo? Mnzanuyo ndiye katundu wanu lero. Chikwama mutha kuiwala, koma iyeyo ayi."

Abwana anapinda chipewa chawo n'kuchilowetsa m'thumba. Malamulo otere ndi a ana a sukulu ya mkaka. Anasankha mpando wa munthu mmodzi wa kutsogolo, pafupi ndi chitseko, pomwe munthu amaona msewu anzake asanauone.

"Bambo, bwerani tikhalire limodzi, lero lokha," anatero akazi awo.

"Pitani kumbuyoko, mayi, mukacheze ndi anzanu. Kuno kukufunika munthu."

Mayiwo anapita, n'kukakhala ndi namwino wina wopuma pantchito. Abwana anayamba ntchito yawo. Woonetsa malo akati nyanja iyi ndi yozama kuposa zinzake, iwo ankakweza chala: "Pepani pang'ono." Akati mitengo iyi inabzalidwa kale kwambiri: "Pepani pang'ono." Ngakhale dalaivala anauzidwa giya yoyenera pachitunda. Pofika masana basi yonse inkawatchula kuti a Pepani Pang'ono, eni ake okha ndiwo sankadziwa.

Panyanja yomaliza akazi awo anapempha kuti ajambulitse chithunzi ali awiri. Abwana anati kuwala sikuli bwino. Mayiwo anangokonza mpango wawo n'kubwerera kwa anzawo. Ndiyeno Abwana, poona kuti aliyense akujambula pamalo amodzimodzi ngati nkhosa, anazungulira kuseri kwa thanthwe kukafuna poonekera bwino pomwe anthu wamba sakupadziwa. Anapapezadi. Madzi ali phee, phiri lonse litagona chadodolido m'kati mwake, mitambo ikuyenda pansi pa mapazi awo. Anakhala pamwala, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anasowa choti akonze.

Ali komweko, kubasi kunafunsidwa funso lija. "Mnzanu alipo?" Aliyense anayang'ana pambali pake n'kuyankha kuti alipo. A kutsogolo ankaganiza kuti bambo aja apita kumbuyo kwa akazi awo. A kumbuyo ankaganiza kuti ali kutsogolo pampando wawo waulemu.

Foni inalibe netiweki. Abwana anaikweza m'mwamba, anakwera nayo pamwala, anaigwedeza, koma sinawalemekeze. Chifunga chinayamba kutsika m'phiri, ndipo mphepo inapeza njira yolowera m'jekete.

Abwera, anadziuza. Sangapite popanda ine.

Kenaka anayamba kuganizira anthu a m'basi muja mmodzimmodzi, kufuna amene angafunse kuti kodi bambo aja ali kuti. Dalaivala? Woonetsa malo? Mnyamata wina amene iwo anamuuza kuti akugwira kamera molakwika? Anatsala ndi munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo anali asanawalankhule chiyambire nkhani ya chithunzi ija.

Anaganiza zoyenda. M'mawa anali ataona pamapu kuti kumunsi kwa nyumba ina yakale kuli kanjira kachidule, kodutsa pa ulalo wa matabwa, kotulukira kumsewu waukulu popanda kuzungulira makona onse aja. Akafika kutauni iwo ndiwo adzayambe kufunsa mafunso.

Anatsika ndi msewu. Mdima unagwa msanga, monga umachitira kumapiri, osagogoda. Tochi ya pafoni inkangoonetsa chifunga choyera ndi nsonga za nsapato zawo. Kumanzere thanthwe, kumanja phompho. Poyamba ankakonza m'mutu mawu okauza eni ake a basi. Mawuwo anali amphamvu kwambiri, koma pakona iliyonse ankachepa.

Nyumba ija inatulukira mwadzidzidzi. Kale ankagulitsiramo tiyi kwa alendo. Tsopano mawindo analibe magalasi, chitseko chinkalendewera, ndipo pakhonde panali tebulo limodzi lokhala ndi miyendo m'mwamba. Abwana anafulumiza phazi. Osati chifukwa cha mantha. Munthu wa udindo sachita mantha, amangosunga nthawi.

Chwa... chwa... chwa...

Anaima. Kunali zii.

Anayendanso.

Chwa... chwa...

Nsapato zonyowa. Kumbuyo kwawo. Pafupi.

Anatembenuka pang'onopang'ono.

Munthu!

Anali bambo wa msinkhu wawo womwewo, wovala jekete ndi tayi, kamera yachikale ikulendewera pachifuwa. Kumutu anali ndi chipewa chonga chija anagawa m'basi, koma chake chinali chachikasu.

Mtima wa Abwana unabwerera m'malo mwake, ndipo ulemerero unabwerera nawo.

"Nanunso akusiyani, achimwene? Anthu awa ntchito saidziwa. Musadandaule, muli ndi ine. Nditsateni."

Munthuyo anawayang'ana, n'kufunsa:

"Munakhala ndi ndani?"

"Mwati?"

"M'basi. Munakhala ndi ndani?"

"Ndekha. Kutsogolo."

"Mpando wabwino uja," anatero munthuyo, akugwedeza mutu. "Munthu umaona zonse. Koma iwe anthu sakuona."

Abwana sanaikonde nkhaniyo. Anapatukira m'kanjira kaja, udzu wonyowa ukuwakwapula m'miyendo. Pansi penipeni madzi ankalindima.

"Iyi ndi yachidule," anatero, posafuna kuti chete achuluke. "Ndinaiona pamapu."

"Ndikuidziwa. Ndi yachidule ndithu." Chwa... chwa... "Ine sindinafikebe."

Tsitsi la Abwana, lochepa lomwe linatsalalo, linaima.

Ulalo unali pomwepo. Matabwa akuda, chingwe chimodzi, kutsidya kosaoneka. Anaponda thabwa loyamba. Linalira. Anaponda lachiwiri...

Thyo!

Phazi linalowa m'malere. Anagwa chagada paudzu, foni uko. Thabwa lija linapita pansi. Anamvetsera kuti alimve likugwera m'madzi.

Sanalimve.

Atadzutsa mutu, munthu uja anali ataima patsogolo pawo, pakati pa ulalo. Pomwe panalibe thabwa.

Sanamuone akudutsa. Kanjirako kanali ka munthu mmodzi.

Ndipo kunkazizira. Mpweya wa Abwana unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Wa mnzawoyo... panalibe.

"Wosiyidwa sathamangira basi," anatero munthuyo mofatsa. "Amabwerera pomwe amusiya, n'kudikira."

"Nanga... nanga akapanda kubwera?"

"Alipo amene angadziwe kuti mulibe?"

M'moyo mwawo monse funso linali lisanawasowetsepo Abwana yankho. Madzi ankalindimabe pansi.

"Mwina mayi a kunyumba," anatero potsiriza, ndi mawu aang'ono omwe iwo eni sanawazindikire. "Mwina. Ndawalakwira lero."

"Mawu oti mwina ndi aakulu, achimwene. Ine ndinalibe ngakhale mwina. Dzukani."

Anadzuka. Anatola foni. Sanatsutse, sanakweze chala.

"Tsogolani. Musacheuke. Ine ndinazolowera kuyenda kumbuyo tsopano."

Anakwera chitunda chonse chija, kudutsa nyumba yopanda magalasi, kudutsa makona. Chwa... chwa... kumbuyo kwawo. Chodabwitsa n'chakuti pofika pakati pa ulendo, phokoso lija linasiya kuwaopsa. Likachedwa pang'ono, iwonso ankachepetsa liwiro kuti mnzawo asatsalire.

Pamalo oimikapo magalimoto anakhala pamwala, pafupi ndi chitini chija. Anatulutsa chipewa chofiira m'thumba, anachiwongola, n'kuchivala. Mnzawoyo anakhala penapake kumbuyo kwawo.

Anadikira. Zala zinachita dzanzi. Chifunga chinkabwera n'kupita.

"Ikafika," anatero mawu aja, "muwauze asafulumire kutseka chitseko."

"Ikafika," anayankha Abwana.

Kunsi kwa phiri kunaoneka kakuwala. Kanazima pakona. Kanaonekanso, kakukulirapo. Kenaka kulira kwa injini yokwera chitunda, pa giya yomwe Abwana akanaitsutsa tsiku lina lililonse.

Basi isanaime bwinobwino, chitseko chinatseguka, ndipo woyamba kutsika anali akazi awo, mpango uli pambali.

"Inu! Inu bambo inu! Mukufuna mundiphe ndi mtima? Anzanu akukwera basi, inu mukukayendera nyanja ngati munaikumba ndinu!"

Ankakalipa uku akuwagwiragwira m'mapewa, m'manja, kumaso, ngati akuona ngati zonse zilipo. Kenaka anavula juzi yawo n'kuwafunditsa pamwamba pa jekete.

"Munadziwa bwanji?" anafunsa Abwana.

"Ndikanalephera bwanji? Titatsika phiri, mayi oonetsa malowa anena pamaikolofoni kuti nyanja ija ilibe nsomba. Zii. Anenanso kuti msewu uno ndi wautali kuposa wa m'mawa. Zii. Ndinati dalaivala imani, mwamuna wanga muno mulibe! Akanakhalamo bwenzi titamva kale."

M'basi anthu anaseka, ena akuomba m'manja. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Msewu ndi wopapatiza, bwana, potembenukira ndi kumunsi kwenikweni. Ndinati tikaitane a chitetezo, koma akazi anuwa anandiimirira pakhosi. Mwachita bwino kudikira pompano. Ena amatsikira kuulalo."

"Anandibweza ndi achimwene awa," anatero Abwana. "Nawonso basi yawo inawasiya. Tiwatenge."

Anatembenuka. Nyali za basi zinkawala pamalo onsewo. Mwala, chitini, khoko la nthochi.

"Anali pompa. A jekete ndi tayi, a kamera yachikale. Chipewa chachikasu."

Kuseka kunatha. Dalaivala anayang'ana woonetsa malo. Woonetsa malo anatsitsa maikolofoni.

"Zachikasu tinasiya kalekale, ine ndisanayambe ntchito," anatero motsitsa mawu. "Bambo amenewo anakhala okha, pampando womwe munakhala inuwo. Basi inafika kutauni, anthu anabalalika, palibe anafunsa. Anadzawapeza patapita masiku, pansi pa ulalo. Lamulo la mnzako wa pampando lija linayambira pa iwowo."

Akazi awo anawagwira dzanja mwamphamvu n'kuwakokera m'basi. Dalaivala anatambasula mkono kuti atseke.

"Pepani pang'ono," anatero Abwana.

Wina kumbuyo anabuula.

"Musatseke kaye."

Dalaivala anawayang'ana, n'kubweza mkono. Injini inkalira pansipansi. Mphepo yozizira inalowa.

Chwa...

Sitepe ya pakhomo inalira. Kenaka khushoni ya mpando wa kutsogolo inabonyoka pang'onopang'ono, ngati pakhala munthu wotopa kwambiri.

Namwino uja anasuntha yekha osauzidwa, ndipo Abwana anakakhala kumbuyo, pambali pa akazi awo, pomwe msewu suoneka n'komwe. Chitseko chinatsekeka. Woonetsa malo anakweza maikolofoni ndi manja awiri.

"Aliyense... mnzake alipo?"

"Alipo," anatero mayi aja, atagwira jekete ya amuna awo ngati ingauluke.

Abwana anakweza chala, n'kuloza kutsogolo.

"Awonso ndi anga," anatero. "Alipo. Tiyeni."