Mausi ya Kumanzere

Lachitatu lija tulo sitinabwere. Pansi pa pilo wanga panali kachipangizo kolozera zinthu pa kompyuta, kamene ana amakatcha mausi. Ndinkadziwa kuti chifukwa cha kanthu kameneka mwana mmodzi ataya sukulu: mlongo wanga Zikani, kapena Phoebe, mwana wa mnzanga wa kumsika.

Pakhomo pathu ku Chikale panali pamtendere. Amuna anga, bambo a Thandie, amayendetsa minibasi ya ku Mzuzu, ine ndimagulitsa kaunjika mumsika. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7 amayi atamwalira, kuti ndilere Zikani. Iye anapitiriza mpaka Folomu 4, ndipo nyumba yonse inkayang'ana kwa iye. Madzulo ndiye ankatiwerengera Baibulo.

Zikani anabadwa wamanzere. Ali wamng'ono ndinkamumenya dzanja akamadya kapena kulandira chinthu ndi lamanzere, monga tinaleredwera tonse. Ndinamumenya mpaka anaphunzira kulemba ndi lamanja. Kusukulu palibe mphunzitsi ankadziwa. Koma akagenda mango kapena kusoka nsapato, dzanja lake lenileni linkatulukira.

Chaka chimenecho mnyamata wina dzina lake Marvellous anatsegula kachipinda ka magemu kuseri kwa msika. Poyamba Zikani ankapitako Loweruka lokha. Kenako ndinaona kuti tikamapemphera chala chake chikugogoda tebulo chokha. Kenako sitade ya masana inayamba kutalika, koma makope osadzaza.

Tsiku lina masana ndinamutsatira, nditabereka mwana wanga Thandie kumbuyo. M'kachipindamo munali mdima ndi fungo la thukuta, mifuti ikulira m'makompyuta anayi. Ndinaima pakhomo mpaka ndinamvetsa. M'gemumo anthu amathamanga akuwomberana, ndipo mfuti umaitembenuza ndi mausi. Wochedwa kuloza ndiye amafa. Mausi iliyonse inamangidwa ndi kawaya kakafupi ku msomali wa kudzanja lamanja. Zikani anali atapingasa mkono wamanzere pachifuwa kuti aifikire, atapindika ngati mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi.

"Manzere wafanso!" anakuwa mnzake wina. "Aise, ukuwombera akhwangwala kapena?"

Onse anaseka. Zikani anatembenukira kwa mwini malo.

"Bwana Marve, tangotsegulani masetingi. Mausiyi ikuthamanga kwambiri, ndikangoigwedeza mfuti yapitirira munthu. Ndiichepetse liwiro, ndisinthenso mabatani."

"Ndinakiya dala," anatero Marvellous akutafuna chinangwa. "Aliyense akasintha zake, wobwera pambuyo amalalatira ine. Ukufuna zako zokha? Bwera ndi mausi yako, ndikupatse kompyuta ya pakonayo, ndikutsegulire zonse. Kusukulu kwanu si zangoti mbwee? Imodzi ikapita kokayenda ndani angalire?"

"Zikani!" ndinaitana. "Sitade yake ndi imeneyi?"

Marvellous anamwetulira. "Asisi, musapse mtima. Mwanayu ali ndi luso. Chikumupha ndi kawaya kokha."

"Kawayako kali pa mausi. Iwe wamanga mlongo wanga ndi chiyani?"

Madzulo bambo a Thandie anamukhazika pansi.

"Alamu, mayeso atsala mwezi umodzi. Anthu a m'gemu mwanuwo amafa n'kudzukanso. Chaka cha sukulu chikafa sichidzuka."

"Ndamva, alamu," anayankha Zikani. Koma ine anandiuza kumbali kuti, "Asisi, simungamvetse. Amandiseka tsiku lililonse chifukwa cha mausi ya dzanja losakhala langa. Ndipambane kamodzi kokha ndi dzanja langa, ndisiya."

Mawu amenewo anandibaya, chifukwa woyamba kumumanga dzanjalo ndinali ine. Ndinakhala chete pamene ndinayenera kulankhula.

Sanasiye. Buku lake la masamu linasowa, ndipo ndinamva kwa ana kuti analisinthanitsa ndi maola osewera. Sabata yotsatira anabwera akuimba mluzu.

"Lero andidziwa," anatero. "Palibe wandikhudza."

Patapita masiku awiri, mayi a Phoebe, amene amagulitsa tomato pafupi ndi benchi langa, anafika maso ali psuu.

"Amake Thandie, mwana wanga amuthamangitsa kusukulu. Akuti waba mausi m'chipinda cha makompyuta."

"Phoebe? Amuona ndani?"

"Palibe. Koma aphunzitsi atalumikiza mausi ina pa kompyutayo apeza mabatani atatembenuzidwa, lakumanja likugwira ntchito ya lakumanzere. Akuti wakubayo anayamba waiyesa ndi dzanja lamanzere, n'kuiwala kubwezeretsa. Wamanzere mu Folomu 4 yonse akuti ndi Phoebe yekha, komanso ndiye amasesa m'chipindamo. Asabwerenso mpaka ipezeke. Mayeso atsala masabata atatu, amwali!"

Ndinaika pansi malaya amene ndinkapinda. Wamanzere wachiwiri ndinkamudziwa ine. Makofi anga omwe aja ndiwo ankamubisa.

Nditafika kunyumba, Zikani anali atapita kokasamba. Ndinakhuthula chikwama chake. Mausi inali m'sokosi, kunsi kwake kuli nambala ya penti wofiira, yofanana ndi ya pa madesiki a kusukulu. Atabwera ndinaiika patebulo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndangobwereka, asisi. Loweruka kuli mpikisano kwa Marvellous, ukatha ndibweza."

"Unabwereka kwa ndani? Nanga Phoebe?"

"Phoebe ndi wanzeru. Awerengera kunyumba."

Ndinamuyang'ana mwana amene ankatiwerengera Baibulo, osamuzindikira. Ataona nkhope yanga anayamba kuchonderera.

"Chabwino, ndikaiponya pawindo la kusukulu mawa, palibe adziwe. Mukakanena andichotsa sukulu. Mwavutika nane zaka zonsezi kuti mudzandiphere chaka nokha?"

Ichi ndicho chinandisowetsa tulo. Tikaiponya pawindo, adzati Phoebe wabweza chifukwa cha mantha, ndipo dzina la wakuba lidzamukakamira moyo wonse. Ndikakanena, sukulu imene ndinaisiyira yanga ithera panjira. Mbali zonse kunali khoma.

Kutacha sindinapite kumsika. Ndinabereka Thandie, ndinamanga mausi pa nsonga ya chitenje, ndipo ndinauza Zikani kuti avale yunifolomu. Tinakwera chitunda cha kusukulu. Pa geti anaima.

"Asisi, chonde."

"Ukalankhula wekha, kapena ndilankhule ine?"

Mu ofesi anaulula, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Ahedi sanakhulupirire msanga.

"Iwe umalemba ndi lamanja. Ukumubisa mtsikana uja?"

"Ada ahedi, ndi wamanzere," ndinatero. "Amene ndinamusintha ndine."

Anamutengera pa kompyuta ija. Zikani anaika dzanja lamanzere pa mausi, ndipo kamuvi kanayenda pa sikirini ngati kakumumvera maganizo. Aphunzitsi anayang'anana. Luso linalipodi, koma tsiku limenelo linangogwira ntchito ya mboni yomutsutsa.

"Phoebe abwerere lero lomwe," anatero ahedi. "Iwe m'kalasi sulowanso. Zoti ulemba mayeso chaka chino kapena ayi, ikagamula ndi komiti."

Zikani analira ngati mwana wa Sitandade 1. Ine misozi inali itauma.

Ana inu amene mukuwerenga, tamverani. Tchimo silibwera likudzitcha tchimo. Kwa Zikani linabwera likunena kuti akukupondereza, tenga chako, kamodzi kokha. Kudandaula kwake kunali koona, koma kuba sikunamumasule. Anathawa kawaya ka Marvellous n'kukodwa mu chingwe chachikulu, ndipo anatsala pang'ono kukoleramo mwana wosalakwa. Amene akukuuzani kuti palibe angalire akunama. Alipo amene adzalire, ndipo mwina ndi mnansi wanu. Nanunso makolo, mwana akakuuzani pamene pakumuwawa, musakhale chete monga ndinachitira ine.

Titatuluka pa geti, Zikani anakhotera njira ya ku Chikale. Ndinamugwira mkono, wamanzere womwewo.

"Osati uko. Sitinamalize."

Tinatsikira kumsika. Mayi a Phoebe anali akuyala tomato, Phoebe ali pambali pawo ndi kope pamwendo. Anthu onse akuona, ndinagwada pafumbi, ndipo Zikani anagwada pambali panga.