Unyolo wa M'filimu ya Obed

Elina anakumana ndi Obed pasiteshoni ya maminibasi opita ku Lusaka, mvula itawapanikiza pakhonde la shopu. Mnyamatayo anali atafungatira kamera m'jekete ngati khanda.

"Sisi, nkhope yanu ni ya mu filimu," anatero.

"Mwauzako bangati so lelo?" Elina anafunsa.

Koma pamene mvula inkakata, Elina anali atapereka kale nambala ya foni. Mtima nawonso, kupusa!

Obed ankajambula filimu yachilendo. Inali ya tauni yosatuluka dzuwa, kumene anthu amamwa madzi obiriwira a pampopi n'kuiwala mayina awo. Munthu wina amayesa kuthawa, koma njira iliyonse imamubwezera m'chipinda chomwecho. Elina sankaimvetsa kwenikweni, ankangokonda kumva mwiniwake akuifotokoza.

Mameseji ndiye osanena. "Shuga wanga, wadya?" Kenako, "Filimu ikasila nituma bankhoswe kwanu ku Estates." Mtsikana wake uti akanalimba?

Tsiku lina Elina anamuululira chinsinsi cha kwawo. Mlongo wake Yotamu anazolowera kumwa mankhwala a chifuwa, botolo lathunthu, kuti aledzere. Zitafika poipa, mayi awo, a Miriam, anamumanga unyolo kumwendo m'chipinda chakumbuyo, n'kumauza aneba kuti ali ku Petauke. Tsopano Yotamu anali atasiya. Unyolo anamuchotsa, thupi linayamba kubwerera.

"Usauzeko munthu, Obed."

"Nikaulula, Mulungu anikanthe. Yotamu ni mulamu wanga manje."

Obed anayamba kumamuyendera Yotamu masana, Elina ali kusaluni kumene ankagwira ntchito, mayi ali kumsika. Elina ankathokoza Mulungu pomupatsa mwamuna wokonda abale.

Posakhalitsa Yotamu anayambiranso. Maso anafiira, manja kunjenjemera, usiku kubuula. A Miriam anatulutsanso unyolo uja akulira.

"Lira pa chifuwa changa, shuga wanga," Obed anamutonthoza Elina. "Masana nizamuyang'anira ine."

Loweruka lina masana filimu inaonetsedwa m'holo, mawindo atatchingidwa ndi mapulasitiki akuda. Aneba anabwera, akutchalitchi anabwera. Elina anakhala kutsogolo atavala diresi yatsopano.

Anaona madzi obiriwira aja, anaona misewu yamdima. Kenako chinatulukira chipinda. Bedi analidziwa, ngakhale kalendala ya tchalitchi pakhoma anaidziwa. Pansi panali Yotamu, dovu kukamwa, akukoka unyolo mpaka mwendo kuchucha magazi.

"Nipaseniko pang'ono chabe! Napapata!"

"Si mwana wa ba Miriam uja?" mayi wina ananong'ona kumbuyo. "Kansi Petauke yake ni iyi?"

Ena anaomba m'manja. Elina anamva manyazi, ndipo anatuluka akuthamanga, osatembenuka.

Kunyumba anapeza Yotamu atatsamira bedi.

"Unali kuziba kuti akukujambula?"

"Ee, sisi."

"Nanga mabotolo unali kuyachosa kuti, iwe womangika?"

Yotamu anayang'ana pansi. "Ba mulamu. Yoyamba ija nenze nakana. Banati ni kamozi chabe, nithandizeko mwamuna wa sisi wanga."

"Obed?"

"Manje masiku ano bamaika botolo pa windo, pamene unyolo siufika. Nikalira bwino, ndiye banipasa."

Elina anangokhala pasimenti. Ndiye kuti chikondi chonse chija chinali njira yolowera m'chipinda chino? Ndipo chitseko anatsegula ndi iye mwini!

Foni inalira. Unali meseji: "Shuga wanga, uli kuti? Bantu baikonda maningi, bafuna ina! Nikukonda."

Elina anaika foni pansi. Anagwira bondo la mlongo wake, pamwamba pa chilonda.

"Yotamu, unikhululukire. Uja munthu sazapondanso pano."

Yotamu anadzidzimuka, nkhope yonse mantha okhaokha. Anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Awe, sisi, napapata! Batumile foni. Bauze kuti lelo nizalira bwino."