Kandevu Atsala ku Malama

Lena anali ndi kambuzi kamodzi. Dzina lake linali Kandevu. Kandevu anali woyera. Khutu limodzi lokha linali lakuda.

Lena ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Kandevu azikonda iye yekha.

Lena ankakhala ku Malama, kufupi ndi mtsinje wa Luangwa. Kutsidya kwa mtsinjewo kunali nkhalango yosungirako nyama. Atate ake, a Hosea, anali mlonda wa nyamazo. Ankalondera njovu. Ankalondera njati. Ankadziwanso kuyendetsa galimoto.

Tsiku lina atate anabwera akumwetulira.

"Ndapeza ntchito ina," anatero atate. "Ndiziyendetsa lole ku Lusaka. Malipiro ake ndi ambiri. Tonse tisamukira komweko."

Lena analumpha. Analumphanso.

"Lusaka! Lusaka! Kandevu, tikupita ku Lusaka!"

Amayi anayang'ana atate. Atate anayang'ana pansi.

"Bwera kuno, mwanangu," anatero amayi. "Malipiro ndi ambiri, inde. Koma ku Lusaka zonse n'zogula. Nkhuni n'zogula. Ndiwo n'zogula. Nyumba nayonso n'njolipira. Tidzakhala m'kanyumba kakang'ono. Kulibe khola. Kulibe tchire lodyetserako mbuzi."

"Nanga Kandevu?" anafunsa Lena.

"Kandevu atsala," anayankha amayi. "Timupereka kwa Dolly."

Dolly anali msuweni wa Lena. Amayi a Dolly anali mlongo wawo wa a Hosea. Nyumba zawo zinali zoyandikana. Lena ndi Dolly ankapita limodzi kusukulu. Ankatunga madzi limodzi. Ankaseka limodzi.

Koma tsiku limenelo Lena sanaseke.

M'mawa mwake atate anatenga chingwe. Anamanga Kandevu. Anapita naye kwa Dolly.

"Ayambiretu kuzolowera tisananyamuke," anatero atate.

Kandevu analira. "Mee! Mee!" Anayang'ana kumbuyo.

Lena anakondwa pang'ono.

"Sakumufuna Dolly," anatero chamumtima. "Akufuna ine."

Dolly sanakhumudwe. Anamutungira Kandevu madzi. Anamutolera zipatso za msangu. Mbuzi zimakonda zipatso za msangu kwambiri. Kenako Dolly anakhala pansi. Anamuimbira kanyimbo ka Chikunda. Anamukanda kuseri kwa khutu lakuda.

Lena anabisala kuseri kwa nkhokwe. Anaona zonse.

"Khutu limenelo ndimakanda ndine," anang'ung'udza Lena.

Masiku anapita. Kandevu anasiya kulira. Dolly akapita kuchitsime, Kandevu ankamutsatira. Dolly akapita kudimba, Kandevu ankamutsatira. Dolly akaimba, Kandevu ankathamanga.

Tsiku lina Lena anaima panjira.

"Kandevu! Bwera!" anaitana.

Kandevu anamuyang'ana. Anatafuna. Anatafunanso. Kenako anatsatira Dolly.

Nsanje inamugwira Lena. Inamutentha ngati dzuwa la mu Okutobala. Sanadye bwino. Sanasewere. Sanamupatsenso Dolly moni.

Atate anamugulira Lena nsapato zakuda.

"Kusukulu ya ku Lusaka ana amavala nsapato," anatero atate.

Lena anazivala pomwepo. Dolly anafika. Kandevu anali pambuyo pake.

"Mwaswera bwanji, amalume?" anatero Dolly.

"Ndaswera bwino, mwanangu," anayankha atate.

Dolly anayang'ana nsapato. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Koma n'zokongola," anatero. "Ndiyeseko, Lena?"

"Ayi!" anakalipa Lena. "Iwe uli ndi mbuzi yanga. Ukufunanso nsapato zanga?"

Dolly anasiya kuyang'ana nsapato. Anatembenuka. Anabwerera kwawo. Kandevu anamutsatira.

Masana Dolly anapita kukatola nkhuni ndi amayi ake. Anasiya Kandevu atamumanga pamthunzi.

Lena anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Panalibe munthu. Anamasula chingwe.

"Tiye," ananong'ona.

Anayenda mpaka kukamtsinje kouma. Kumeneko kunali mtengo waukulu wa msangu. Zipatso zinali mbwee pansi. Lena anamanga Kandevu pamtengopo. Anamanga mfundo yolimba.

"Ukhale pano," anatero. "Chakudya ndi ichi. Tsiku la ulendo ndidzakubisa m'thumba. Tidzapita limodzi. Dolly sadzakuonanso."

"Mee," anatero Kandevu.

Lena anabwerera kunyumba. Anakhala pakhonde ngati sakudziwa kanthu.

Dolly anabwerako kunkhuni. Sanamupeze Kandevu. Anafuna kuseri kwa nyumba. Anafuna kuchitsime. Anaimba kanyimbo kake. Kandevu sanabwere.

Dolly anathamangira kwa Lena.

"Lena, wamuona Kandevu?"

"Sindinamuone," anayankha Lena.

Dolly anayamba kulira. Lena ankaganiza kuti akondwa. Koma sanakondwe. Anangoyang'ana nsapato zake.

Mwadzidzidzi kunamveka phokoso.

"Wahuu! Wahuu!"

Phokosolo linachokera kukamtsinje. Atate ankamanga katundu pabwalo. Anaimirira. Anatchera khutu.

"Anyani amenewo," anatero atate. "Abwera kudzadya zipatso za msangu. Kandevu asakhale atapita kumeneko. Nyani wamkulu amagwira kambuzi."

Lena anachita mantha.

"Atate!" anakuwa. "Kandevu ali kumsangu! Ndamumanga ndine!"

Atate sanafunse zambiri. Anatola ndodo. Anathamanga. Dolly anatola chitini. Lena anatola mphika ndi mthiko.

Nsapato zinamuluma Lena kuzala. Anazivula. Anazisiya panjira. Anathamanga wopanda nsapato.

Anafika kumsangu. Anyani anali ambiri. Ena anali mumtengo. Ena anali pansi. Nyani wamkulu anali pafupi ndi Kandevu. Ankamuyandikira pang'onopang'ono.

Kandevu anakoka chingwe. Anakokanso. Koma mfundo inali yolimba.

"Mee! Mee! Mee!"

"Menyani!" anakuwa atate.

Dolly anamenya chitini. Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Lena anamenya mphika. Ngo! Ngo! Ngo!

Atate anakweza ndodo. "Chokani! Chokani!"

Nyani wamkulu anaonetsa mano. Lena anawaona manowo. Koma sanasiye kumenya. Anamenya mwamphamvu. Dolly nayenso anamenya mwamphamvu.

Nyani wamkulu anabwerera m'mbuyo. Kenako anathawa. Anyani onse anamutsatira.

Lena anagwada pamtengo. Anayesa kumasula mfundo. Kandevu ankalumpha ndi mantha. Mfundo inkangolimba.

"Akulephera kupuma!" analira Lena. "Dolly, ndithandize!"

Dolly anakumbatira Kandevu. Anamuimbira motsitsa mawu. Kandevu anakhala phee. Chingwe chinakhwepa. Lena anamasula mfundo.

Atate anayang'ana khosi la Kandevu. Anayang'ana miyendo.

"Sanavulale," anatero. "Chingwe changomukhula pang'ono."

Onse anayamba kubwerera. Atate anagwira Lena dzanja.

"Mwanangu, unachitiranji zimenezi?" anafunsa.

Misozi inatsika m'masaya mwa Lena.

"Kandevu akukonda Dolly," anatero. "Wandiiwala ndisanachoke n'komwe."

Dolly anaima. Anatsegula maso kwambiri.

"Iwe ukundichitira nsanje ine?" anafunsa. "Ine ndikuchitira nsanje iwe! Iwe ukakwera lole. Ukaona magetsi. Uli ndi nsapato. Ine nditsala kuno ndi mbuzi yodya madiresi!"

Lena anayang'ana pansi. Kandevu ankatafuna diresi la Dolly. Lena anaseka misozi ili m'maso. Dolly nayenso anaseka.

Atate anakhala pachitsa.

"Tamvera, Lena," anatero. "Kandevu akapanda kukonda Dolly, azidzalira tsiku lililonse. Sazidzadya. Kodi ukufuna zimenezo?"

"Ayi, atate."

"Nanga ukufuna chiyani?"

Lena anaganiza.

"Ndikufuna azikhuta," anatero. "Ndikufuna azisewera."

Kenako anatembenukira kwa msuweni wake.

"Pepa, Dolly. Ndinakunamiza. Ndinakuliritsa."

"Zatha," anatero Dolly. "Koma usadzabwerezenso."

Panjira anapeza nsapato zija. Lena anazitola. Anazipukuta fumbi. Anamupatsa Dolly.

"Yesako," anatero.

Dolly anazivala. Anayenda ngati bakha. Phwa! Phwa! Phwa!

"Mayo! Zikuluma!" anatero Dolly. "Kodi ku Lusaka anthu amavutika chonchi?"

Atate anaseka mpaka kutsokomola.

Kuyambira tsiku limenelo, Lena ndi Dolly ankadyetsa Kandevu limodzi. Lena anamuuza Dolly zonse.

"Sakonda madzi otentha ndi dzuwa," anatero. "Amaopa bingu. Mvula ikamagwa, uzimulowetsa msanga."

"Ndamva," anatero Dolly.

Nthawi zina nsanje inkabweranso. Inkabwera Kandevu akagona pamiyendo ya Dolly. Lena ankapuma mozama. Kenako ankakhala pafupi nawo.

Tsiku la ulendo linafika. Lole inabwera sikisi koloko m'mawa. Anthu anakweza mphasa. Anakweza miphika. Amayi anakweza thumba la mapira ndi dengu la nsomba zouma.

"Izi zokha sitikagula," anatero amayi.

Lena anakumbatira azakhali ake. Anakumbatira Dolly. Anakumbatira Kandevu nthawi yaitali.

"Mudzabwere patchuthi," anatero Dolly.

"Tidzabwera," anatero atate.

Lena anakwera kumbuyo kwa lole. Amayi ndi atate anakweranso. Lole inalira. Inayamba kuyenda.

"Mee! Mee!"

Lena anayang'ana kumbuyo. Kandevu ankathamanga! Ankathamangira lole!

"Amayi, taonani!" anakuwa Lena. "Akundifuna! Sanandiiwale!"

Mtima wa Lena unadzaza chimwemwe. Kandevu ankathamangabe. Anadutsa chitsime. Anadutsa nyumba yomaliza.

Lena anayang'ana kutsogolo. Kutsogolo kunali tchire lokhalokha. Kutchireko kunali anyani. Kunali afisi. Kandevu akanatopa. Akanatsala yekha panjira.

Lena anaimirira. Anagwira chitsulo cha lole. Anakuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Dolly! Muitane! Imba, Dolly! Imba!"

Dolly anathamangira pakati pa msewu. Anaimba mokweza.

Kandevu anaima. Anayang'ana lole. Anayang'ana Dolly. Anayang'ananso lole.

"Pita, Kandevu!" anakuwa Lena. "Pita kwanu!"

Kandevu anatembenuka. Anathamangira kwa Dolly. Dolly anamunyamula. Anakweza mwendo wa Kandevu m'mwamba. Anaugwedeza ngati dzanja.

Lena anaseka. Nayenso anagwedeza dzanja. Anagwedeza mpaka mudzi unabisika.

Amayi anamupukuta misozi ndi chitenje.

"Wachita bwino, mwanangu," anatero atate.

"Atate, kodi ku Lusaka n'kutali?" anafunsa Lena.

"N'kutali ndithu," anayankha atate. "Bwera udzakhale pakati pathu."

Lena anakhala pakati pa amayi ndi atate. Amayi anamasula kansalu. Munali mbatata zootcha. Zinali zikadali zofunda. Anagawana onse atatu, lole ikukwera phiri.