Madzi pa Matabwa a Bambo

Timba anaima pansi pa makwerero atagwira ndowa yopanda kanthu, fumbi lakuda likumugwera m'tsitsi. Pamwamba pake, m'kachipinda ka m'denga, bambo ake ankasesa ndi tsache louma uku akutukwana makoswe ndi makolo awo omwe.

Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu, koma anali wochepa thupi ngati kambalame, n'chifukwa chake dzina la Timba linamumamatira. Bambo ake anali kalipentala, ndipo anthu onse ankangowatcha Amisiri. Kachipinda ka m'dengako anakapanga okha, pakati pa siling'i ndi malata, thabwa lililonse atalipala ndi manja awo. Mayi ake a Timba atamwalira, katundu wawo yense anakwezedwa m'menemo: matiresi akale, masutikesi awiri ndi makatoni a mabuku. Zaka ziwiri zinatha osakwerako munthu. Amene anakwerako ndi makoswe. Amisiri anawatchera misampha kwa sabata yathunthu, n'kupha khumi ndi anayi, kenako anakhomera waya m'mabowo onse. Chimene chinatsala ndi uve: ndowe ngati mpunga wakuda paliponse, zisa za nsanza, ndi fungo la mkodzo limene linkatsikira mpaka m'zipinda zogona.

Chitseko chinatseguka, analowa azakhali ake a Timba, mlongo wawo wamng'ono wa Amisiri. Ankagwira ntchito yokolopa kuchipatala ndipo anali asanavule n'komwe yunifolomu. Anayang'ana fumbi lija, n'kumukokera Timba kumbali.

"Achimwene, tatsikani."

"Wakuitana ndani?" mawu anamveka m'denga.

"Landiitana ndi fumbi lanuli, lafika mpaka kumsewu. Zimenezo sasesa zouma. Mumayamba mwazinyowetsa ndi madzi a klorini, mudikire, kenako muzipukuta ndi nsanza. Fumbi la ndowe za makoswe likalowa m'mapapo limagwetsa munthu."

Mutu wa Amisiri unatulukira pa kachitseko ka m'denga, nsidze zili mbuu.

"Madzi? Pa matabwa anga? Iwe, thabwa likamwa madzi limafufuma, likauma limapindika, kenako limaola. Zaka makumi atatu ndakhala ndikusesa utuchi wouma, ndafa kangati? Kakolope kwanuko kumene kuli simenti."

"Utuchi si ndowe, achimwene."

"Kugwira chokolopera m'chipatala sikusandutsa munthu dotolo. Ngakhale mphaka wa kuchipatala sabaya jakisoni."

"Chabwino, ndine mphaka. Bola mumange kansalu pamphuno."

"Ndine wakuba ine, kuti ndizibisa nkhope m'nyumba mwanga?"

Timba anayesa kulowererapo. "Ababa, kusukulu anatiuzanso zomwezo."

"Aphunzitsi akowo anapalapo thabwa? Bweretsa ndowa."

Anawapatsa ndowayo. Mwana angatani? Azakhali anamutulutsa panja n'kumusambitsa m'mutu pampopi, akung'ung'udza kuti mchimwene wawo anabadwa ndi makutu okongoletsa mutu basi.

Tsiku limenelo Amisiri anasesa mbali imodzi yokha. Msana unawapweteka chifukwa chowerama, ndipo m'shopu mwawo, kuseri kwa nyumba, munkadikira zitseko zisanu ndi chimodzi za munthu wina amene ankamanga. Anatseka kachitseko kaja n'kunena kuti adzamaliza akapeza mpata.

Patatha masabata awiri, thupi linayamba kuwatentha. Anati ndi chimfine, n'kumwa mapiritsi a pagolosale. Ntchafu ndi msana zinkawawa, anati ndi ukalamba. Tsiku lachinayi Timba akuchokera kusukulu sanamve phokoso la puleni yopalira matabwa. Anawapeza atakhala pansi m'shopu, atatsamira benchi, kukamwa kuli yasa ngati nsomba yovuulidwa m'madzi. Milomo yawo inali itatuwa.

"Ndingopuma kaye," anatero, mawu akuduka pakati.

Timba anathamangira kwa anthu oyandikana nawo. Anatuluka ambiri, n'kuima pampanda. Wina anati awamwetse madzi a mandimu, wina anati ndi mtima, wina anati iye anaziona kale kuti bamboyu sakuoneka bwino. Anthu a malangizo sasowa, osowa ndi a manja. Amene anawanyamula ndi dalaivala wina wodutsa, munthu woti sankawadziwa n'komwe.

Kuchipatala anawaveka chopumira chophimba pakamwa ndi mphuno, cholumikizidwa ku botolo lalikulu la mpweya. Dotolo anali mayi wachitsikana wa mawu otopa. Anafunsa ngati odwalawo anagwirapo ntchito pamalo a makoswe. Timba anayang'ana azakhali ake, azakhali anayang'ana pansi.

"Mapapo awo adzaza madzi," anatero dotolo. "Palibe jakisoni wongobaya n'kuchira. Tiziwathandiza kupuma, kwinako tidikire thupi lawo. Akapulumuka, sindingawatulutse kuti akagone pansi pa denga limenelo lisanatsukidwe. Chifuwa chimenechi sichingapirirenso fumbi."

Dotolo atachoka, Amisiri anakweza dzanja n'kukankhira chopumira chija pambali. Timba anawerama, akuganiza kuti akufuna madzi akumwa.

"Timba... m'denga muja... asathiremo madzi. Wamva?"

Timba anangowabwezera chopumiracho pamphuno.

Timba anafunafuna munthu woti akwere m'dengamo. Mchimwene wake wamkulu, amene ankagwira ntchito kutali, anayankha pafoni kuti abwana sangamulole, koma akuwapempherera. Oyandikana nawo atamva za matendawo anayamba kudutsira kutsidya kwa msewu. Mmodzi anachita kuletsa ana ake kusewera pafupi ndi mpanda. Azakhali akanakwera, koma masana onse ankakolopa, akaweruka n'kukhala pambali pa bedi la mchimwene wawo, ndipo bondo lawo lamanzere silinkagwirizana ndi makwerero.

Lachisanu azakhali anabwera ndi jumbo. Munali magolovesi a mphira, zophimba pamphuno, botolo la klorini, botolo lopopera ndi matumba akuda apulasitiki.

"Mvetsera, mwana wa achimwene. Uyambe watsegula kachitseko ndi kazenera, utuluke panja theka la ola kuti mpweya udutse. Kapu imodzi ya klorini, makapu asanu ndi anayi a madzi. Upopere mpaka zinyowe zedi, uwerenge mphindi zisanu, kenako upukute. Tsache usaligwire. Chilichonse chofewa chimene makoswe analowamo, m'thumba, thumbalo m'thumba lina, umange."

"Ndi zovala za amayi zomwe?"

"Zimene zingachapidwe ndi madzi otentha uchape. Zimene anamangira zisa, ayi."

"Anandiletsa, azakhali. Akadzabwera adzandithamangitsa pakhomo."

"Kuthamangitsa munthu kumafuna mpweya. Akadzakuthamangitsa, udzagwade n'kuthokoza."

Loweruka m'mawa Timba anakwera. M'dengamo munali motentha ngati mu uvuni, ndipo sakanatha kuimirira, ankayenda chokwawa. Kuwala kwa pakazenera kunaonetsa pamene tsache la bambo ake linalekezera, mzere wowongoka ngati wolemba ndi rula. Kupitirira pamenepo kunali kwakuda bii. Analoza botolo lopopera pa thabwa loyamba. Anakumbukira mmene bambo ake ankamukalipira akangoika kapu yonyowa pa tebulo. Anatsinzina n'kufinya.

Thabwalo linamwa madziwo n'kuda pomwepo. Anapopera lachiwiri, lachitatu. Anadikira, n'kupukuta, nsanza n'kuiponya m'thumba. Kuseri kwa makatoni anapeza khoswe wouma atakanirira pa msampha. Anamupopera nayenso, n'kumuika m'thumba ndi msampha womwe. Matiresi anali ndi mapanga, anachita kuwadula ndi mpeni kuti akwane m'matumba. Sutikesi yoyamba inali yotsekeka bwino, zovala zinapulumuka. Yachiwiri makoswe anali ataiboola pangodya. M'katimo diresi la amayi ake lobiriwira, limene ankavala popita kukaona zotsatira za mayeso ake, linali litasanduka chisa. Analinyamula ndi manja awiri. Misozi inatsika n'kunyowetsa chophimba pamphuno, koma sakanatha kuipukuta chifukwa magolovesi anali ndi uve. Anangoisiya kuti itsike, diresilo n'kuliika m'thumba.

Ntchitoyo inamutengera masiku atatu, Lolemba anajomba kusukulu. Tsiku lililonse akatsika ankatsuka magolovesi asanawavule, n'kuchapa zovala zake padera, n'kusamba mpaka khungu kuwawa. Madzi ena anadutsa m'mipata ya matabwa n'kujambula zigamba zachikasu pa siling'i. Pamwamba penipeni pa bedi la bambo ake, siling'i inatsika mimba. Matabwa atayamba kuuma, anachita zimene Amisiri ananena. Asanu ndi limodzi anapindika, misomali ina inatukuka mitu, ndipo kachitseko kaja kanakana kutsekeka. Timba anakakankha ndi phewa, kanakana ndithu.

Kuchipatala zinthu zinkangokhala chimodzimodzi. Timba akafunsa anamwino, ankamuyankha kuti tidikire. Ankakhala pa mpando n'kumayang'ana chifuwa cha bambo ake chikukwera ndi kutsika, akuwerenga ngati kuwerengako kungathandize. Lachiwiri anawakonzera pilo, dzanja lake n'kudutsa pafupi ndi nkhope yawo. Ngakhale anasamba kangapo, fungo la klorini linali lisanachoke. Amisiri anatsegula maso, n'kuyang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana mwiniwake. Kenako anatembenukira kukhoma, ndipo kwa masiku anayi sanamulankhule.

"Akwiya nane," Timba anawauza azakhali ake pakhonde la chipatala.

"Akwiye. Wakufa sakwiya."

Anatulutsidwa patatha masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Dotolo anawauza kuti aiwale za puleni ndi macheka kwa miyezi ingapo, mwinanso kupitirira, chifukwa ngakhale utuchi wamba ungawabanikitse. Buluku linkawagwa m'chiuno. Kuchokera pageti kufika pakhomo anaima katatu. Oyandikana nawo aja anabweranso pampanda, tsopano akumwetulira, aliyense akunena kuti sanagone tulo powadera nkhawa. Amisiri sanawayang'ane.

Atalowa m'nyumba anakweza maso. Anaona zigamba zachikasu, anaona mimba ya siling'i, anaona kachitseko kali pululu. Anapita pa makwerero n'kuponda sitepe yoyamba, kenako yachiwiri. Pamenepo chifuwa chinawagwira. Anakhosomola atakumbatira makwererowo mpaka azakhali ndi Timba anawatsitsa n'kuwakhazika pa mpando. Munthu amene anakhoma denga lonselo yekha analephera masitepe atatu.

Mpweya utabwerera anafunsa, osayang'ana aliyense.

"Apindika angati?"

"Asanu ndi limodzi, ababa. Ndi kachitseko sikakutsekeka."

"Ndinanena."

"Munanena."

Azakhali anaika manja m'chiuno, atakonzeka kale. "Achimwene, mukangoyamba kumukalipira mwanayu..."

"Iwe mphaka wa kuchipatala, takhala chete. Ndikulankhula ndi mwana wanga."

Amisiri ankayang'ana manja awo, amene m'masabata awiri okha anali atafewa ngati a kalaliki. Kenako anayang'ana manja a Timba, osuzuka khungu m'zala.

"Klorini watsala?"

"Theka la botolo."

"M'shopu, kuseri kwa benchi, pansi pa mulu wa matabwa. Ndinaziona ndowe kumeneko ndisanadwale. Sindinauze munthu."

Timba anayang'ana azakhali ake, kenako bambo ake. "Ababa, amenewo ndi matabwa a zitseko za eni ake. Munawaumitsa chaka chathunthu."

"Ukundiuza ine za matabwa anga?" Anapuma kawiri asanapitirize. "Tsegula mazenera kaye. Uvale zako zija. Uthire kwambiri, usaumire."

Timba anatenga ndowa ndi botolo n'kuzungulira kuseri. Amisiri anapempha kuti awatulutsire mpando pakhonde, mbali imene shopuyo sioneka. Anakhala pamenepo manja ali pa mawondo, nkhope italoza kumsewu. Patapita theka la ola, kuseri kwa nyumba kunayamba kumveka madzi akugwera pa matabwa ouma. Nsagwada zawo zinalimba, koma sanadzuke. Anakoka mpweya pang'onopang'ono, ndipo unalowa wonse.