Dzina la Mayi Sabina Pakati pa Omwalira

Luckness, mlembi wa parishi ina ya kumapiri a Kasakula, anali atasenza njerwa za tchalitchi chatsopano ulendo wachisanu, thukuta likumulowa m'maso, pamene mayi Sabina, wamasiye wa kuseri kwa phiri, anamukoka chitenje.

"Mwanawe, tula kaye. Kodi ine ndinafa?"

"Munafa bwanji mukuyenda chonchi, amayi?"

"Kezia wanga waimba foni ku Joni akulira. Akuti dzina langa lili pa tsamba lanu la pa intaneti, pakati pa omwalira."

Unali Novembala, mwezi wopempherera mizimu. Akhristu anali atalemba mayina a abale awo patimapepala n'kuponya m'bokosi la kuguwa. Aphunzitsi a Alexio, omwe anakonza tsambalo, anakopera mayina onsewo mu kaundula wa pa kompyuta, kenako anapita kukadwazika m'bale wawo ku Mozambique, foni yawo n'kusiya kugwira.

Luckness anatsegula tsambalo mu ofesi. Dzina linalipodi. Analifufuta, mayi Sabina akuonerera. M'mawa mwake linali litabwerera pamzere womwewo.

Apa m'pamene anakumbukira mawu a aphunzitsiwo. "Tsambali ndi chikombole chabe, ngati cha njerwa. Pamwamba pake ndinaikapo mzere wa lamulo. Mbandakucha uliwonse makina akutali amamvera lamulolo, amakatapa mayina ku kaundula n'kuumba tsamba latsopano." Mawu achinsinsi otsegulira kaundulayo a Alexio anapita nawo.

Luckness anafufutabe dzinalo Lachitatu, anafufutanso Lachinayi. Kukacha, Sabina Mbewe.

Pamjigo amayi anayamba kusuntha zidebe akawaona. Ena ankanong'ona kuti makina sanama, aona zomwe maso a anthu sanaone. Mayi Sabina anasiya kupita kumunda, mizere itatsala theka, ndipo chakudya ankangochiyang'ana.

Lachisanu Luckness anakagona kunyumba kwa mayi Sabina. Mdima unali bii, ngakhale galu sanauwe. Kenako kuseri kwa nyumba kunamveka khasu. Khwee. Kaphokoso ka dothi lotayidwa pambali. Khwee.

"Wamva?" ananong'ona mayi Sabina. "Dzulo anali kumtengo wa mango. Lero wafika pankhokwe."

"Ndi mbuzi izo, amayi."

"Mbuzi imapumira ikakumba katatu?"

Kutacha Luckness anazungulira bwalo lonse. Dothi linali louma gwa, lopanda phazi la munthu kapena bala la khasu.

Anathamangira kutchalitchi, nakhuthula bokosi lija pansi. Anakapeza kapepalako: zilembo zikuluzikulu zokhota, zodindidwa mwamphamvu mpaka pensulo kuboola. Anabwerera nako.

Mayi Sabina anakayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Dzanja langa ili. Ndinkafuna kulemba malemu bambo ake a Kezia. Koma kusukulu ya kwacha tangofika pa dzina langa lokha. Ndikanapempha ndani, akazi anzanga onse akudzilembera okha? Ndinati Mulungu adziwa kuti ndine mkazi wa yani."

"Ndiye basitu, amayi! Palibe mfiti apa, n'kapepala chabe."

"Ndinakaponya ndekha paguwa, mwanawe. Ambuye ansembe anakadalitsa."

Usiku umenewo khasu linamveka pansi pa zenera.

Tsiku lachisanu ndi chitatu foni ya a Alexio inagwira. Anaseka. "Kanthu kakang'ono ako! Dikira... ndachotsa. Tsegulanso uone."

Dzina linali litachokadi. Luckness anakwera phiri akuthamanga, foni ili m'manja kuti akawaonetse. Asanafike pamtengo wa mango uja, anamva amayi akulira maliro kunyumba kwa mayi Sabina.

Madzulo anakhala yekha mu ofesi, akuyang'ana pamzere pomwe panali dzina lija. Anaimbanso foni.

"Iwe, chavutanso n'chiyani?" anafunsa a Alexio.

"Aphunzitsi," anatero Luckness, "libwezeretseni."