Wasila ndi Bwato Lokhuta Mpweya

Wasila amakhala pa chilumba cha Kerkena. Ndi mwana wochangamuka. Koma phuma ali nalo, tisabise.

Wasila ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukwera bwato la Ababa ake. Ankafuna kukaona mpanda wawo wa nsomba.

Mpandawo uli m'nyanja. Ndi wa nthambi za kanjedza. Nsomba zimatsata mpanda. Zimatsata, zimatsata, mpaka kulowa m'mono.

Bwato la Ababa si lamatabwa ayi. Ndi lamphira. Amachita kulipopa ngati tayala la njinga. Bwatolo ndi limodzi lomwelo. Likaphulika, ku mpanda sikupitika. Ndiwo pakhomo zivuta.

Tsiku lina m'mamawa, Ababa ankapita kutsidya pa sitima yonyamula anthu kukagula zingwe. Anaitana Wasila.

"Mwana wanga, bwato lada," anatero. "Ukalisamala bwino lero, mawa tipitira limodzi."

Wasila sanadikire n'komwe kuti tiyi azizire. Anathamangira kwa Amayi kukapempha madzi. Madzi a m'nyanja satsukira bwato. Ali ndi mchere, ndipo mchere umawononga mphira.

Amayi anatunga madzi a mvula m'chitsime cha pakhomo. Anamupatsa ndowa imodzi yokha. Anati madzi a mvula si oseweretsa.

Bwato linali pamchenga. Kuda kwake, eee, kochititsa manyazi.

Wasila anayamba ndi mchenga. Mchenga umabisala m'makona. Umakhula bwato pang'onopang'ono mpaka kuliboola. Wasila anauchotsa ndi zala. Anapeza mamba a nsomba. Anapeza kankhanu kakang'ono. Anapezanso mbedza yadzimbiri.

Kankhanu anakabweza m'nyanja. Mbedza anaiika kutali.

Kenako anatenga sopo ndi chinkhupule. Anatsuka kutsogolo. Anatsuka kumbuyo. Anatsuka m'mbali. Anatsuka m'kati. Anatsukuluza ndi madzi pang'onopang'ono, osataya ngakhale dontho.

Bwato linayera. Bwato linawala. Wasila anasangalala kwambiri.

Ndiye analidina ndi chala. Linali lofewa pang'ono.

"Iwe bwato, uli ndi njala," anatero Wasila.

Anatenga pampu ya Ababa, yoponda ndi phazi ija. Anaponda. Fuu, fuu. Anapondanso. Fuu, fuu. Bwato linalimba.

Apa mpamene akanalekera. Koma Wasila ndi Wasila. Anati awonjezere pang'ono. Fuu, fuu. Anawonjezeranso. Fuu, fuu. Bwato linalimba gwa. Miyendo ya Wasila inachita kuwawa.

Anabwerera kunyumba akuyenda monyada.

"Takulandirani, a Kaputeni," anatero Amayi akuseka. Anamupatsa buledi ndi mafuta a maolivi.

Dzuwa linakwera. Linakwera, linakwera, mpaka paliwombo. Ku mzikiti anaitanira pemphero la masana. Amphaka onse anathawira pamthunzi.

Wasila sanakhazikike. Ankafuna kukaonanso bwato lake loyera. Anapita kugombe. Mchenga unkawotcha mapazi.

Koma bwato silinali ngati m'mawa muja. Linali litatupa. Wasila analigwira. Linali lotentha ngati chiwaya. Analidina ndi chala. Chala sichinalowe. Analigogoda. Linalira ngati ng'oma.

Wasila anatchera khutu. Pa msoko wa bwato panamveka kaphokoso. Te. Te. Te.

Ndiye anakumbukira chibaluni chake cha pa chikondwerero cha Idi. Anachisiya padzuwa. Chinatupa, chinatupa, n'kuphulika.

Wasila anachita mantha. Bwato likaphulika, mawa kulibe ulendo. Bwato likaphulika, Ababa akaonjola bwanji nsomba?

Anagwada pamchenga wotenthawo. Anagwira kachitsekero ka mpweya. Zinamupweteka mumtima. Mpweyawo anauvutikira yekha. Miyendo inali ikuwawabe. Koma anatsegula.

Psiii.

Anadina bwato ndi chala. Linali lolimbabe. Anatsegulanso.

Psiii.

Anadinanso. Tsopano chala chinalowa pang'ono. Wasila anatchera khutu. Kaphokoso kaja kanali katatha.

Koma dzuwa linali likuswabe mtengo. Bwato linkafuna mthunzi.

Pafupi panali mulu wa nthambi za kanjedza. Ababa anaziunjika kuti akakonzere mpanda. Wasila anakoka imodzi. Munga unamubaya pachala.

Wasila anayamwa chala chake. Anayang'ana munga. Anayang'ana bwato.

"Wandibaya ine," anatero. "Bwato ndiye sulikhudza."

Anabweza nthambi pamulu. Anathamangira kunyumba. Anapempha Amayi chinsalu chachikulu chija. Ndi chimene amayala pansi pokolola zipatso za maolivi.

Amayi anang'ung'udza. Anati chinsalucho n'cha maolivi, si cha mabwato. Anati mwana uyu awakalambitsa msanga. Koma ankalankhula uku akuvala nsapato.

Ananyamula chinsalu awiri. Amayi kutsogolo, Wasila kumbuyo. Anafunditsa bwato lonse. Anatsindira miyala m'mbali kuti mphepo isachiuluze. Bwato linagona pamthunzi.

Madzulo Ababa anabwera ndi zingwe zawo. Onse anapita kugombe. Ababa anavundukula chinsalu. Kunja kunali kutazizira, ndipo bwato linali litafewanso.

Wasila anawerama. Ankaopa kuti Ababa ati waliwononga. Koma anafotokoza zonse. Za mbedza ananena. Za pampu ananena. Za munga ananenanso, n'kuonetsa chala.

Ababa anayang'ana m'makona. Mchenga munalibe. Anasisita msoko uja ndi dzanja. Unali bwinobwino. Kenako anaseka, n'kudzigwira pamimba.

"Bwato ili ndi ine n'chimodzimodzi," anatero. "Tikakhutitsa, timafuna kumasula lamba. Tikatero timafuna mthunzi."

Amayi anati zimenezo ndiye zoona zenizeni. Wasila anaseka mpaka misozi.

"Ndiye mawa, Ababa?" anafunsa.

"Mawa ulawire, mwana wanga."

M'mawa mwake Wasila anadzuka tambala asanamalize kulira. Anatenga pampu. Fuu, fuu. Anadina ndi chala. Chala chinalowa pang'ono. Phazi linkafuna kupondanso. Wasila analikaniza.

Ababa anasadza minga yonse ya nthambi ndi mpeni. Anamanga nthambizo m'thumba. Anakankha bwato, ndipo Wasila anakhala kutsogolo.

Nyanja inali bata. Madzi anali osaya. Wasila ankaona udzu wa pansi. Ankaona tinsomba tikuthawa.

Anafika pa mpanda. Unali wautali kuposa mmene Wasila ankaganizira. Ababa anavuula mono. Munali nsomba zambiri, zikuphiriphitha.

Kenako Ababa anasolola nthambi imodzi. Anamupatsa Wasila.

"Zika apa," anatero. "Iyi ndi yako."

Wasila anaizika m'matope ndi manja awiri. Nthambi inaima pakati pa zinzake. Wasila anakondwa kwambiri.

Pobwerera, dzuwa linali litakwera. Anakokera bwato pamchenga. Ababa ananyamula nsomba n'kuyamba kupita.

Wasila anadina bwato ndi chala.

"Ababa, taimani kaye. Bwato lakhuta. Timasule lamba."

Ababa anatula nsomba pansi.

"Ndamva, a Kaputeni," anatero.

Psiii.