Mawu a Malemu Golden pa Wailesi

Agness Mphande ankayala usipa pa benchi lake mumsika wa Chintheche pomwe anamva mwamuna wake akuyankhula pa wailesi. Linali Lachiwiri m'mawa. Mwamunayo, Golden, anali atamuika m'manda dzinja lapitalo.

"Tikuifuna kwambiri," anatero mawuwo, akuchokera m'wailesi ya telala wa pafupi. "Tavutika nthawi yaitali. Ibwere msanga."

Kenako muulutsi anafotokoza: "Amenewo ndi bambo Golden Mphande, msodzi wa pa dooko la Msongozi, kukondwera ndi hotela yomwe imangidwe pamenepo. Kafukufuku wa kampani ya Mlozo wapeza kuti asodzi avomera kusamuka."

Agness anasiya usipa uli pomwepo. Anafika pa polisi alibe mpango kumutu.

Anamulandira Sajeni Modester Zimba, wofufuza milandu. Anamupatsa madzi, n'kumusiya apume.

"Mukutsimikiza kuti ndi iwo, ama?"

"Mawu a mwamuna wanga ndingawasokoneze? Ndinalipo tsikulo. Anali gone m'chipatala, chifuwa chitawamaliza. Kunabwera bambo wa taye ndi kakina kojambulira mawu. Anafunsa ngati tikufuna ambulansi kwathu. Za hotela sanatchule n'komwe."

Masana omwewo Sajeni Zimba anapita ku nyumba youlutsira mawu ya wailesi ija. Mkulu wa mapologalamu anaikira kumbuyo ntchito yake.

"Ndi pologalamu yolipira, bwana. Anabwera nayo yokonzakonza ndi a Winston Kalilani a kampani ya Mlozo, ofufuza maganizo a anthu. Akuti banki singabwereketse eni hotela ndalama popanda umboni woti anthu akondwa."

"Munaimvetsera musanaiulutse?"

"Ayi," anatero bamboyo.

Sajeni anavala zomvera m'makutu, naimvetsera yonse. Kumbuyo kwa mawu a Golden wina ankatsokomola, mbale zachitsulo zikulira. Kumbuyo kwa mawu a mayi wina kunkamveka nyimbo ya maliro. Anavula zomverazo n'kupukuta m'makutu ngati mwalowa zonyansa.

Sajeni anamupeza mayi wa pa maliroyo Lachitatu ku Bandawe akusenda chinangwa. Dzina lake linali Edith Longwe.

"Bambo wa taye anandifunsa za mjigo," anatero Edith. "Mwana wanga anafa ndi kolera. Bokosi lisanatuluke n'komwe m'nyumba, iye n'kundiika kakina kukamwa. Ndinati, 'Aliyense wobweretsa chimenechi ndi mngelo wa Chiuta.' Lero ndamva kuti mngeloyo ndi hotela."

Analavula pansi, napitiriza kusenda.

Pobwerera, Sajeni anadzera ku Msongozi. Anapeza mapolo a mpanda ataunjikidwa kale pakati pa mathandala oyanikira nsomba. Asodzi anali chilili. Mmodzi anamuuza kuti a banki akubwera mawa ku Kande kudzasainira.

Lachinayi, dzuwa litakwera, Sajeni Zimba analowa m'chipinda cha misonkhano cha loji ina ku Kande, apolisi awiri ali pambuyo pake. Winston Kalilani anali kutsogolo, suti yotuwa, fungo la perefyumu lili thoo. Pakhoma pankaoneka zotsatira za kafukufuku: tinkhope tobiriwira tomwetulira, n'kankhope kamodzi kofiira. Alendo a ku banki ankagwedeza mitu uku akutafuna nsomba ya batala yokazinga.

"Monga mukuona, mwa anthu khumi alionse, asanu ndi anayi ndi okondwa," ankatero Winston.

"A Kalilani, tsekani kompyutayo. Tikuitenga."

"Mayi, tili pa msonkhano."

"Ndine Sajeni. Chikalata cha khoti ndi ichi."

Mmodzi wa apolisi aja anaitsegula pomwepo, alendo akuona. Mawu oyambirira anali momwemo, osadulidwa. M'chipinda monse munamveka Winston akufunsa mofatsa: "Ada, kodi ambulansi mukuifuna?" Kenako Golden anayankha, akupuma movutikira.

Mayi wina wa ku banki anakankhira mbale yake kutali.

"Bwanji munkasankha odwala ndi anamfedwa?" anafunsa Sajeni.

Winston anakonza taye. Manyazi analibe.

"Munthu wabwinobwino amafunsa mafunso ambiri. Wovutika amangoti inde. Ndipo tinene zoona, Sajeni, anthu amenewa sadziwa chomwe akufuna. Hotelayo ikanawapatsa ntchito. Ine ndinangowathandiza kunena."

"Nanga a Mphande?"

"Sindinadziwe kuti afa msanga chonchi." Anakweza mapewa. "Komabe wakufa sakana mawu ake."

Pa zaka zonse za ntchito yake Sajeni anagwirapo akuba mbuzi, ozembetsa chamba, ngakhale opha anzawo. Koma anali asanakumanepo ndi munthu wonyansa ngati ameneyu. Unyolo sanafune kumumanga yekha. Anakodola wapolisi mnzake.

"Ndikukumangani pa mlandu wopeka umboni ndi cholinga chobera banki ndi kulanda anthu malo," anatero Sajeni kwa Winston.

Potuluka anapeza nkhani itafika kale ku Msongozi. Asodzi anali atadzaza pa geti la lojiyo, ena atanyamula nkhafi. Agness anaima kutsogolo, Edith pambali pake. Panalibe wokuwa kapena woponya mwala. Ankangomuyang'ana Winston.

Winston anaima. Thukuta linanyowetsa kolala.

"Sajeni, chonde, tidzere khomo lakumbuyo. Anthuwa andipha."

"Akupheni bwanji?" anatero Sajeni Zimba, akumukankhira kutsogolo. "Mwangonena kumene kuti asanu ndi anayi mwa khumi ndi okondwa. Tiyeni, yendani."